Tara wa pabwalo akayamba kutuwa: mmene mungamutetezere dzinja lisanafike

Tara akangothiridwa kumene amakhala wakuda bii, ndipo mvula ikagwa madzi amangoyenderera pamwamba osalowa. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi amayamba kutuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola m'mwezi wa Juni. Mukamasesa, tsache limakokolola timiyala tomwe tayoyoka, ndipo apa ndi apo pamaoneka timing'alu. Anthu ambiri amangoti ndi kukalamba kwake, n'kudikira mpaka patakumbika maenje. Pamenepo ndalama yokonzera imakhala itakwera kale.

Ine ndili m'komiti ya chitukuko pa tchalitchi china ku Chilomoni, ndipo bwalo lathu loimikapo galimoto talipaka kawiri. Ulendo woyamba tinataya ndalama za akhristu. Wachiwiri zinayenda. Zomwe ndilembe pano zikukhudza mabwalo a pakhomo, a pasukulu, a pa loji kapena kanjira kochokera pageti kukafika pa galaja. Msewu wa boma musaukhudze, umenewo uli m'manja mwa khonsolo ya mzinda ndi Roads Authority.

Tara ndi miyala ya kwale, dasiti ndi mchenga zomatidwa pamodzi ndi phula. Phulalo ndiye guluu wake. Dzuwa ndi mpweya zimaliumitsa pang'onopang'ono mpaka limasiya kunyumbwira, n'kuyamba kuthetheka. Likatero madzi amapeza polowera, amakafewetsa dothi ndi miyala ya pansi, galimoto ikadutsa pansipo pamatitimira. Kupaka kumene tikunenaku, komwe pa zigubu za m'sitolo amalemba kuti sealcoat kapena sealer, ndi kuyala phula lina lopyapyala pamwamba kuti dzuwa ndi madzi zizithera pa ilo. Kuli ngati penti pa malata. Penti imaletsa dzimbiri, koma simata lata lobooka. Tara amene wawonongekera pansi, ngakhale mumupake katatu, adzang'alukanso pomwepo mvula yoyamba.

Yambani m'dzinja, ambulera ili m'manja

Ntchito yopaka imachitika m'chilimwe, koma kuyendera bwalo kumafunika mu Febuluwale kapena Malichi, mvula ili pakati. Tulukani ikugwa muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akulowera. Ikakata, dikirani ola limodzi mubwererenso. Paliponse pomwe padakali chithaphwi jambulani pa foni, chifukwa mu Seputembala pouma mudzaiwala.

Kuno ku Blantyre nkhani ya madzi ndi yaikulu kuposa kwina chifukwa tinamanga m'mapiri. Amene ali m'munsi mwa Soche, Ndirande, Michiru kapena Mpingwe amalandira madzi a anzawo onse a kumtunda. Tonse tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, zomwe madzi otsika phiri amachita. Koma ngakhale mvula wamba, ngalande ikatsekeka ndi majumbo ndi mchenga, madzi amasefukira n'kuyamba kudya tara cha m'mbali. Choncho tsegulani ngalande kaye. Paipi yotsitsa madzi a padenga isamathire pa tara, ilozeni m'ngalande. Ngati m'mphepete mwa tara mulibe chotchinga, ikani mzere wa njerwa kapena konkire, poti tara wopanda chomugwira m'mbali amabenthuka ngati chigumu.

Kenako yang'anani ming'alu. Ili mitundu iwiri, ndipo kuisiyanitsa ndi kumene kumapulumutsa ndalama. Mng'alu woyenda wokha, wautali, wowongoka kapena wokhotakhota pang'ono, umatsekeka bwinobwino. Koma pomwe pang'aluka timabokositimabokosi ngati khungu la ng'ona, pansi pafa. Pondanipo kukangogwa mvula: mukaona madzi amatope akutumphuka m'ming'alumo, musavutike n'kupaka. Pamenepo m'pofunika kukumba. Ngati khungu la ng'onali lafalikira mbali yaikulu ya bwalo, lekani zogula sealer, itanani injiniya kapena kontilakitala wa misewu mukambirane zothira tara wina.

Tara watsopano nayenso sapakidwa. Amafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka kuti mafuta ake opepuka auluke. Kuti mudziwe, thirani ndowa ya madzi pamalo oyera. Mukaona mitundu ya utawaleza ikuyandama pamwamba, sanafike.

Maenje: Juni kapena Julayi

Maenje akonzedwe msanga chifukwa tara wozizira wa m'matumba, amene amamutcha cold mix, amatenga pafupifupi mwezi kuti aume mokwanira kupakidwa pamwamba. Jambulani bokosi ndi choko kuzungulira dzenjelo, mulowetsemo ndi pong'aluka ponse pa m'mbali. Dulani ndi piki kapena girayinda kuti makoma ake aime chilili, asakhale otsetsereka ngati mbale. Kumbani mpaka mutapeza polimba. Bwezeranimo miyala ya kwale yosakaniza ndi dasiti, yonyowa pang'ono, pang'onopang'ono uku mukutsendera. Ngati simungabwereke makina otsendera otchedwa kompakita, chitsulo cholemera chowotcherera ku paipi chimagwira ntchito, bola pakhale anyamata amphamvu osinthana.

Pakani phula la madzi (phula lomwe limagulitsidwa litasakanizidwa kale ndi madzi, lotchedwa bitumen emulsion) pansi ndi m'makoma a dzenjelo ndi burashi, kenako thirani cold mix osapitirira masentimita 5 ulendo umodzi, n'kutsendera, n'kuthiranso. Potsiriza pakhale potukuka pang'ono kuposa tara wakale, chifukwa matayala adzapatsitsa. Chigamba chomwe chatitimira chimasanduka chitsime.

Mizu ya mitengo ndi nkhani ina yowawa. Ife tinali ndi jakaranda pakona ya bwalo, mizu yake itatukula tara ngati mitumbira ya mbatata. Komiti inakangana misonkhano iwiri. Mapeto ake tinadula mizu ya mbali ya bwalo yokha n'kuika khoma la konkire pansi, mtengo n'kuusiya, poti amayi a chigwirizano amakhala pamthunzi pake Lachinayi.

Nthawi yopaka

Apa ndi pomwe tinagwa ulendo woyamba. Tinapaka mu Julayi, poganiza kuti mvula inatha kalekale. M'mawa kunacha bwino, pofika masana mitambo inatsika kuchokera cha ku Thyolo, chiperoni n'kuyamba kuwaza. Phula linali lisanagwire. Madzulo ake tinaima pakhonde la tchalitchi tikuonerera madzi ofiirira ngati tiyi wamkaka akutsetserekera m'ngalande, ndipo zomwe zinatsala pabwalo zinali mawangamawanga. Bambo wina wachikulire wa mumpingo mwathu, amene anagwirapo ntchito za misewu zaka zambiri, anangopukusa mutu nati, “Achimwene, mukanandifunsa. Phula limeneli limauma ndi dzuwa, osati ndi kalendala.”

Phula la madzi limafuna kutentha kosachepera madigiri 10, usana ndi usiku womwe, komanso masiku awiri opanda mvula kapena nkhungu. Kuno mpata wabwino umayamba kumapeto kwa Ogasiti mpaka pakati pa Okutobala. Mukachedwa mukumana ndi chizimalupsa, chomwe sichipangana ndi munthu. Mverani zomwe a Dipatimenti ya Zanyengo akulengeza sabata imeneyo. Mu Okutobala dzuwa la masana limawotcha tara kwambiri moti phula limauma musanaliyale, ndiye yambani mame akangouma, pofika 11 koloko mukhale mutaweruka. Ngati pali jakaranda pafupi, dziwani kuti mwezi womwewo ndi pomwe amayoyola maluwa, ndipo duwa lililonse logwera pa phula laliwisi limakhala pomwepo mpaka kalekale. Seputembala ndiye mwezi wanga.

Chopakacho

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi sealer wosakaniziratu wa m'zigubu, amene mumangotakasa n'kupaka. Ndi wosavuta koma wodula, woyenera kanjira ka pakhomo. Werengani chigubucho. Ngati palembedwa kuti coal tar, ine ndinganene kuti musiyeni. Ameneyo amapangidwa kuchokera ku malasha, amawotcha khungu, ndipo fumbi lake lili ndi mankhwala oopsa kwa anthu ndi nsomba. Ku America mzinda wa Austin unamuletsa kuyambira 2006, ndipo chigawo cha Washington chinatsatira mu 2011. Sankhani wolembedwa kuti bitumen kapena asphalt emulsion.

Yachiwiri ndi phula la madzi la m'madilamu lomwe a misewu amagwiritsa ntchito, monga SS60. Nambala 60 ikutanthauza kuti pa magawo 100 aliwonse, 60 ndi phula, otsalawo ndi madzi ndi mankhwala oletsa kuti zisalekane. Limeneli mumalisungunula ndi madzi oyera, ndowa imodzi ya phula ndowa imodzi ya madzi, n'kuliyala mopyapyala. Ndi loyenera tara amene wangotuwa koma sanayambe kuyoyoka kwambiri. Thirani madzi m'phula pang'onopang'ono mukutakasa, osati phula m'madzi, apo ayi limaundana. Musasungunule loti ligone, sakanizani la tsiku lomwelo.

Yachitatu ndi phala la phula ndi dasiti, lomwe a misewu amati slurry. Ili ndi lomwe tinagwiritsa ntchito ulendo wachiwiri, chifukwa tara wathu anali atakhakhala, miyala ili pamtunda. Limadzaza timaenje tating'ono ndipo silimaterera. Muyeso womwe tinayambira ndi uwu: ndowa zinayi za malita 20 za dasiti wosefa, simenti yodzaza chitini cha lita imodzi, madzi opitirira pang'ono theka la ndowa, ndi ndowa imodzi ya SS60. Sakanizani dasiti ndi simenti zouma, nyowetsani ndi madziwo, phula lilowe pomaliza. Likhale ngati phala la mwana, loyenda lokha mukapendeketsa wilibala koma losalekana madzi ndi dasiti. Dasiti amasiyana, wa ku Njuli ndi wa kwina samwa madzi mofanana, choncho madziwo muziwonjezera pang'onopang'ono. Sefa ikhale ya mabowo osaposa mamilimita 5. Kamwala kamodzi kakakulu kakakodwa pa mphira woyalira kamajambula mzere bwalo lonse.

Musagule zonse musanayese. Yezani bwalo, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi: la mamita 20 ndi 15 ndi masikweya mita 300. Kenako pakani kachigawo ka mamita awiri mbali zonse pakona, muone malita amene alowa ndi mmene paumira. Tara wokhakhala amamwa kwambiri kuposa zomwe amalemba pa chigubu. Dilamu likafika, ligonekeni muligubuduze uku ndi uku, poti phula limakhazikika pansi likakhalitsa. Mukatsegula n'kupeza zibuma zosasungunuka, libwezeni. Ndipo musasakanize mitundu iwiri ya phula la madzi, kapena kuthira mtundu wina m'dilamu lomwe munali wina, zimaundana nthawi yomweyo.

Chenjezo limodzi. Kumabwera anthu pageti onena kuti atsala ndi phula kuchokera ku ntchito ina ndipo akupakirani motchipa lero lomwe. Nunkhizani. Ngati mukumveka dizilo kapena oyilo wakutha wa galimoto, athamangitseni. Zimenezo zimada bwino tsiku loyamba, koma dizilo amasungunula phula, ndiye mukhala mutalipira munthu kuti akuwonongereni bwalo.

Kutsuka, komwe ndiye ntchito yeniyeni

Phula silimata pa fumbi. Kupaka kwenikweniko kumatenga m'mawa umodzi, kukonzekera kumatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo aganyu amafuna kudumpha pomwepa chifukwa sipaoneka. Khalani pomwepo.

Zulani udzu wonse wa m'ming'alu ndi m'mbali. Kapinga ndi wamakani: mukangomudula pamwamba amaboola phula latsopano pasanathe mwezi. Mupopereni mankhwala opha udzu masabata awiri ntchito isanayambe, akauma mumukokote ndi mizu yomwe. Pomwe nyerere zatulutsa dothi thiranipo mankhwala. Ndere za pamthunzi zipalidwe ndi burashi ya waya.

Madontho a oyilo, makamaka pomwe pamaima minibasi kapena galimoto yakale ya abusa, akwecheni ndi sopo wa ufa ndi burashi yolimba, mutsukuluze, mubwerezenso. Kenako bayani ndi sikuludiraiva. Ikalowa ngati mu nsima, tara wapamenepo wasungunuka, dulani muikepo chigamba. Ikakana, pauma bwino, pakanipo phula lopyapyala padera tsiku limodzi musanapake bwalo lonse.

Tsopano ming'alu. Ikokoteni ndi waya kapena msomali wopinda, mupemerere fumbi lituluke. Pampu ya njinga imathandiza ngati mulibe makina opemerera. Timing'alu toonda kuposa kamtengo ka machesi tidzatsekeka popaka. Yokulirapo mpaka kukula kwa pensulo thiranimo phula losasungunula, pogwiritsa ntchito botolo la pulasitiki loboola pachivindikiro, n'kuwazapo mchenga wosefa. Likatitimira bwerezani mawa lake. Yolowa chala idzazeni ndi phala la phula ndi dasiti lolimbirapo, mulikanikize ndi mpeni wa pulasitala. Musasiye chitunda pamwamba, chidzaonekera. Zipatseni tsiku limodzi kapena awiri ziume.

Dzulo lake la tsiku lopaka sesani kawiri ndi tsache lolimba, kenako tsukani ndi madzi kuyambira kumtunda. Tungiranitu madzi m'migolo, mpopi ungakuchititseni manyazi phala lili m'wilibala. Matani mapepala kapena makatoni m'munsi mwa khoma, pa njerwa za m'mbali ndi pa zivindikiro za ngalande. Phula likadonthera pa khoma la laimu silichoka.

Tsiku lopaka

Pafunika anthu osachepera anayi: awiri osakaniza, mmodzi wothira, mmodzi woyala. Onse avale magambutsi, magolovesi ndi zovala zoti akatha ataye. Choyalira ndi mphira womangirira ku thabwa lokhala ndi mpini wautali. Ife tinadula lamba wakale wa pachigayo. Pakhalenso tsache lofewa ndi burashi yaikulu ya m'makona.

Tulutsani galimoto zonse, tsekani geti, mangirirani agalu, tsekerani nkhuku. Yambirani kumapeto kwa bwalo muzibwerera chakugeti kuti musadzitsekere pakona. Ngati tara watentha, muwazeni madzi pang'ono achite chinyezi, koma pasakhale zithaphwi. Yambani ndi burashi m'mbali monse, kenako thirani phula mzere wopingasa bwalo, woyala azilikoka ndi mphira chobwerera m'mbuyo, akukanikiza kuti lilowe m'timaenje. Mzere wotsatira uthiridwe woyambawo usanaume m'mphepete, apo ayi pamatsala msoko. N'chifukwa chake osakaniza asapume pakati. Tiyi amwe akamaliza.

Chiyeso chachikulu ndi kuthira lochindikala kuti pade msanga. Lochindikala limauma pamwamba pokha, pansi lili laliwisi, kenako limang'aluka ndi kumatuka ndi matayala. Kuyala kawiri mopyapyala kumaposa kamodzi kochindikala. Slurry asapitirire mamilimita atatu kapena anayi, ndipo nthawi zambiri kamodzi kamakwana. Ena amakoka chiguduli chonyowa pambuyo pa mphira kuti mizere ifafanizike, ndipo zimathandizadi.

Phula la madzi likamathiridwa limakhala lofiirira. Madzi akamauluka limada. Musapondepo lisanade lonse, ndipo pamthunzi pamachedwa. Kuyala kwachiwiri kuchitike mawa lake, mopingasa ndi mmene munayendera poyamba. Ngati njira yanu ndi yotsetsereka, monga zambiri za ku Nyambadwe, Namiwawa kapena Sunnyside, musapake phula lopanda mchenga. Mvula ikagwa pamaterera, kwa galimoto ndi kwa agogo omwe. Gwiritsani slurry, kapena sakanizani mchenga wosefa mu sealer monga alembera pa chigubu.

Wina asakunamizeni kuti muwiritse dilamu pamoto kuti phula lifewe. Phula la madzi silifuna moto, ndipo dilamu lotseka likatenthedwa limaphulika. Zida zitsukeni ndi madzi phula lisanade, pa dzenje lomwe mwakumba pambali, osati m'ngalande, chifukwa ngalande zathu zimathera mu Mudi, Naperi ndi timitsinje tina momwe anthu amachapa. Lomwe lamata pakhungu lichotseni ndi mafuta ophikira kenako sopo. Petulo ayi.

Pambuyo pake

Anthu oyenda pansi angadutse pakatha tsiku limodzi, galimoto pakatha masiku awiri. Ife tinapaka Lolemba ndi Lachiwiri kuti pofika Lamulungu pakhale patalimba, komabe tinaika anyamata pageti ouza oyendetsa kuti asapotokole chiwongolero galimoto itaima. Matayala akutsogolo akamazungulira pamalo amodzi amasupula phula latsopano n'kusiya zipsera zooneka ngati mwezi. Masabata oyamba zimenezi zimachitika msanga, makamaka masana kukatentha. Njinga zamoto za kabaza ziziima pa kathabwa, poti mwendo wake umaboola. Lole ya mchenga kapena njerwa itsitsire kunja kwa geti. Mizere yoyera yoimikira galimoto ijambulidwe pakatha masiku angapo, ndi penti yosungunulira madzi, chifukwa ya mafuta imasungunula phula n'kusanduka yachikasu.

Kuyambira pamenepo ntchito ndi yaing'ono. Sesani mchenga ndi masamba, poti mchenga pansi pa tayala umakhala ngati sandipepa. Oyilo akadontha thiranipo mchenga kapena utuchi tsiku lomwelo, musese, mutsuke ndi sopo. Chaka chilichonse mu Seputembala yenderani ming'alu yatsopano ndi kabotolo kanu ka phula, ndipo ngalande zikhale zoyera Novembala asanafike. Kupakanso bwalo lonse kudikire zaka zitatu mpaka zisanu. Kupaka chaka ndi chaka kumaunjika phula lomwe limadzang'aluka lokha. Mukaona miyala yayambanso kuonekera mbuu pomwe matayala amadutsa kawirikawiri, ndipo madzi a m'ndowa akulowa m'malo moyenderera, yambani kufunsa mitengo ya dilamu ndi dasiti mwezi wa Juni usanathe.